Zenera la a Mabatire

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, anthu amangowatchula kuti a Mabatire. Kwa zaka makumi atatu ntchito yawo yakhala yophwasula mabatire akufa a galimoto, kusungunula mtovu wa m'kati mwake pa mbaula, n'kuumba mitu ya mabatire ena. Ndi munthu wamfupi, wanthabwala, wa zala zakuda bii. Chipinda chawo chogwiriramo ntchito chili kuseri kwa nyumba yawo, ndipo zenera lake limayang'ana pabwalo panga.

Nditapuma pa ntchito ndinayamba kuswera pakhomo. M'pamene ndinaona kuti utsi wa pazenerapo ukudetsa malaya anga pachingwe.

"Alamu, utsi wanuwu watikwana," ndinatero.

"Utsi womwewu ndi umene wanenepetsa alongo anu," anayankha akuseka.

Ine sindinaseke. M'mawa mwake ndinawapititsira thabwa ndi misomali. Anakhoma zeneralo osanena kanthu, ngakhale kwa akazi awo. Kuti utsi uzipeza potulukira, anayamba kusiya chitseko cha m'kati chili chotsekula. Chitsekocho chimalowera m'chipinda chimene mlongo wanga amasokeramo zovala za anthu.

Panadutsa zaka zinayi. Mlongo wanga anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba. Kenako ankaiwala miyezo ya makasitomala, sizasi n'kumamupulumuka m'manja. Tonse tinkati ndi ukalamba. Miyendo itatupa, tinapita naye kuchipatala, ine ndi alamu.

Dokotala anali mayi wosazungulira polankhula. Anati m'magazi a mlongo wanga muli mtovu wambiri, ndipo impso zayamba kufooka. Atamva za ntchito ya alamu, anati utsi wotere umanyamula fumbi losaoneka ndi maso, lomwe limalowa m'mapapo mpaka kukafika m'magazi.

"Bambo, inunso tikuyezani. Koma mayiwa sagwira batire. Chipinda chanucho chilibe zenera?"

"Lilipo. Ndinalikhoma."

"Chifukwa chiyani?"

Alamu anayang'ana nsapato zawo. "Kuzizira, adokotala. Ine ndi kamphepo sitimwerana madzi."

Dokotala anawakalipira ngati mwana. Ine ndinali pa benchi lomwelo, chipewa chili pamaondo. Ndinatsekula pakamwa, n'kungotsokomola.

Dokotala anatilamula kuti wodwalayo asagonenso m'nyumba ija mpaka itakwechedwa yonse. Choncho anabwera kwanga. Alamu anazimitsa mbaula, ndipo amaswera kukwecha makoma ndi pansi, nsalu yonyowa ili kumphuno. Masana amabwera kudzamumwetsa mankhwala. Za impso, dokotala akuti tidikire.

Dzulo mlongo wanga anakhala pakhonde, miyendo ili pa kampando. Anakoka mpweya n'kundigwira dzanja.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Mwandipulumutsa kwa bambo wouma mutuyu. Munthu wanzeru angakhome zenera?"

"Ndine chitsiru, mayi, munadziwa kale," anatero alamu, akumuthirira madzi m'kapu. Sanandiyang'ane.

Mpaka lero sindinamuuze.