Maliro a Kumasanje

Mlongo wanga wamng'ono anabadwa chimanga chili m'mikukwe, ndipo anabwerera mchombo usanagwe. Kwathu, kumidzi ya kuseri kwa Nsaru, tinkatero m'zaka za m'ma 1950: khanda lofa lisanatuluke m'chikuta silinamwalire, labwerera. Analibe dzina. Ine ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza mtsuko, ndipo ndinamuona kamodzi kokha, nditasuzumira pakhomo pamene anatiletsa kusuzumira. Ndinangoona kaphazi kofiira.

Maliro a mwana wotere ankawatcha mtayo, ndipo mawu amenewa amandinyansa mpaka lero. Kunalibe kulengeza, kunalibe nyimbo, amuna sanapiteko. M'mawa wina amayi achikulire angapo anatsikira m'mphepete mwa dambo ndi khasu limodzi ndi kamtolo kokulunga m'nsanza. Anabwerako dzuwa lisanatenthe, nasamba m'manja, aliyense n'kupita ku ntchito zake. Dzenje ankakumba losaya kuti mimba ya make isatsekeke, ndipo make sankaloledwa kulira. Woyang'anira lamuloli pakhomo pathu anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, munthu wa mawu ochepa ndi maso oopsa, amene ngakhale agalu ankawalambalala. Ndinawamva akuuza amayi kuti msozi umodzi ukangogwa, kubereka kwathera pomwepo. Tinali a tchalitchi, abambo ankatsogolera nyimbo Lamulungu, koma pa nkhani za m'chikuta buku la nyimbo linkatsala panja.

Amayi anamvera. Sanalire, koma anauma. Anasiya kuyankhula, chakudya ankangochigwiragwira n'kuchikankhira kwa ife. Mkaka unkanyowetsa nsalu yawo pachifuwa, iwo osasintha. Ankayamba kusinja n'kuima musi uli m'mwamba, maso ali kudambo, mpaka nkhuku zitajowera mumtondo. Nthawi zina ankandiyang'ana ngati akuyesa kukumbukira kuti ndine mwana wa yani. Abambo anathawira m'chigafa, kusankha fodya amene anali atasankha kale. Ine ndinkachita mantha kwambiri. Ndinkaganiza kuti ngati khanda likhoza kubwerera popanda wina kunena kanthu, amayi nawonso akhoza kubwerera tsiku lina ife tili kumadzi.

Inali nyengo ya masanje. Kukolola kukatha, ana tinkamanga timisasa ta mapesi m'munda wokololedwa, mudzi wathuwathu, n'kumakunkha chimanga ndi mtedza zotsalira, kuphika m'timiphika tobenthuka milomo. Mayi wa kamsasa kathu anali mkulu wanga, mtsikana wamtali ngati nsungwi, wa mano otalikirana, wosatha kuphika n'komwe. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iye ankadziwa kunama. Bodza lake linali lokoma kotero kuti ngakhale ukudziwa kuti ndi bodza unkapempha lina. Ndiye amene ndinamufunsa, akukoleza moto, kuti kodi mwana akabwerera amabwerera kuti. Anauzira motowo nthawi yaitali, kenaka analoza ndi mlomo chulu chachikulu cha m'mphepete mwa dambo.

Anati pansi pa chulu chija pali mudzi. Khomo lake limatsegukira okhawo opanda dzina. Ukakhala ndi dzina, ungagogode mpaka zala kutupa, udzangoona dothi. Mwini mudziwo ndi manthu wa chiswe, mayi wonenepa wosayenda, amene amalandira makanda onse obwerera n'kuwagoneka pa mphasa zosatha. Kumeneko dzuwa linaima malo amodzi, pa nthawi ija ya m'mawa pamene mame auma koma kutentha kusanayambe. Dzungu ukalidula limadzibwezera lokha. Kulibe chifuwa, kulibe chikuku, kulibe njala. Imfa inafikako kamodzi, chiswe n'kuidya miyendo, ndipo sinabwerekonso. Inswa zimene zimatuluka mvula ikagwa ndi amithenga a manthu, zimadzaona ngati amayi a anawo akadawakumbukirabe. Chaka chimenecho ine sindinadye inswa.

Nthanoyo inafala m'masanje monse. Madzulo aliwonse ana ankadzaza pakhomo pa kamsasa kathu, mkulu wanga n'kumaonjezera misewu ndi zitsime m'mudzi wake wa pansi. Tonse tinkausirira mudziwo. Mwana wina wa kumtunda anaganiza zotaya dzina lake kuti akaloweko, nakana kuvomera poitanidwa tsiku lathunthu, mpaka make anamukumbutsa dzinalo ndi mthiko. Ine ndinkapita ndekha kukatsamiritsa khutu pachulupo. Mkati munkamveka kuthetheka kwapansipansi, ngati anthu ambiri akunong'onezana kuti asadzutse wina. Ndinkabwerako ndikuthamanga, koma mawa lake ndinkapitanso.

Madzulo ena, nthano ili mkati, ndinaona mapazi a munthu wamkulu pansi pa mapesi a kuseri kwa kamsasa. Ndinawadziwa ndi ming'alu ya zidendene. Akuluakulu sankafika kumasanje pokhapokha akadzakalipa, choncho ana ena anayamba kusuntha kuti athawe. Amayi anazungulira, naima pakhomo, nkhuni ziwiri zili m'manja. Sindikudziwa kuti anali atamvetsera kwa masiku angati.

"Kodi kumeneko mano amamera?" anafunsa. Mawu awo anali osasa chifukwa chokhalitsa osayankhula.

"Samera, amayi," anayankha mkulu wanga, maso ali pansi. "Kulibe chimene chimasintha."

"Nanga kukwawa?"

"Sakwawa. Amangogona bwinobwino, osadwala."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale, amayi."

Amayi anaika nkhunizo pansi, nakhala pa phulusa pomwepo pakati pa ana. Kenaka anati, "Ukamtulutseko, mwana wanga. Ine sindinaberekere chiswe."

Mkulu wanga anasowa pogwira. Bodza linali lake, koma tsopano linamukulira. Anayesa kuzemba, nati manthu ali ndi lamulo: wotuluka amalandira dzina pakhomo, ndipo dzina limakoka imfa yake kumbuyo monga mbuzi ikokera chingwe. Akatuluka adzadwala, adzamva njala, ndipo tsiku lina adzafa kufa kwenikweni. Amayi anati zimenezo akuzidziwa, ndi za anthu onse. Anawerama, nanong'oneza dzina m'khutu mwa mkulu wanga. Anali nalo kale dzinalo. Ine ndinalimva chifukwa ndinali pafupi, koma sindililemba pano.

Mmenemo ndimo mlongo wanga anatulukira m'chulu. Mkulu wanga anati chiswe chinamunyamula usana, n'kumusiya pansi pa mtengo wa msuku, ife n'kumutola pochokera kumadzi. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankabwera madzulo aliwonse ndi lichero la mtedza, n'kumaswa akumvetsera, ndipo mwanayo ankakula. Anakwawa, nadya dothi ndi zitosi za nkhuku. Mano anamera, naluma bere, amayi n'kunena kuti umenewo ndi mwano wa kwa abambo ake. Ana ena anayamba kuponyamo zawo. Wina anamugwetsa mumtengo wa mango, dzanja n'kuthyoka. Wina anamutayitsa mbuzi kudambo kuti akakwapulidwe. Ine ndinamupatsa chizolowezi chonditsatira kulikonse, chifukwa ndinkafuna wina woti ndizimuthamangitsa. Pamene mkulu wanga anati anakhala mlenje, amayi anakana. Anati zala zake zinali zazitali, iwo anaziona, ameneyo ndi woluka madengu. Tsiku limenelo ndinawaona akuponya mtedza m'kamwa osazindikira.

Anakula ndithu. Sukulu inamukanika, koma nyimbo ankaimba kuposa abambo. Anapita ku Halale kukagwira ntchito monga ankachitira amuna a masiku amenewo, nakhalako zaka zambiri osalemba kalata, amayi n'kukwiya zenizeni, mpaka mkulu wanga anamubweza ndi njinga ndi chipewa. Anakakwatira kumbali ya ku Kasiya, mkazi wolongolola amene tonse sitinamukonde. Anabereka ana, wina n'kumwalira, iye n'kulira. Chaka china anakolola bwino, chaka china matalala anamuonongera fodya. Dazi linayamba, ndevu zinachita imvi, mano amene tinavutika kumeretsa aja anayamba kugweruka limodzilimodzi. Ndimakumbukira tikuseka kuti akudya phala ngati khanda, ndipo amayi anaseka nafe, kuseka kochepa kogwira pakamwa.

Atafika pamenepo mkulu wanga anayamba kuzengereza. Ankadziwa chotsatira ndipo sankachifuna. Nkhalamba ija ankangoiyendetsa ndi ndodo kuchoka pakhonde kupita padzuwa, kuchoka padzuwa kubwerera pakhonde. Mphepo ya chisanu inali itayamba kugwetsa timisasa, masanje akupita kumapeto. Madzulo ena amayi anasiya kuswa mtedza, namuyang'ana mkulu wanga.

"Watopa mlongo wakoyo," anatero. "Mleke agone."

Mkulu wanga ndiye anayamba kulira, nthano isanathe. Anati mlongo wathuyo anagona pakhonde dengu losatha lili pamiyendo, zidzukulu zikusewera pabwalo, ndipo pomuitana kuti adzadye sanavomere. Kenaka amayi anafunsa ngati munthu wamkulu chotero angaikidwe opanda womulira.

Kusewera maliro kunali malodza. Mwana aliyense ankadziwa zimenezo. Ukapezeka ukuchita, unkakwapulidwa pomwepo, chifukwa amati ukuitana imfa pamudzi. Koma apa amene ankapempha anali munthu wamkulu. Anyamata anamanga mtolo wa mapesi wotalika ngati munthu, tinaukulunga m'chimphasa chakutha chimene tinkakhalira, tinaugoneka m'kamsasa kathu. Atsikana tinakhala mozungulira, miyendo titatambasula monga tinkaonera kwa akuluakulu. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, koma tinkangodziwa ndime yoyamba. Sitinadziwe chochita kenaka, ndipo ena anali atayamba kale kusekerera.

Amayi anakwawa n'kulowa m'kamsasamo, mutu ukugunda mapesi a denga. Anaika dzanja pa mphasapo. Ndiye analira. Sindinamvepo kulira kotero chiyambire, ngakhale ndakhala pa maliro ambiri ndipo ena anali a ana anga. Kunayamba pansipansi ngati kubuula kwa ng'ombe, kenaka kunakwera n'kudzaza munda wonse. Ankamuitana ndi dzina lija, ankamufunsa chifukwa chake sanalembe kalata ali ku Halale, ankamufunsa kuti dengu lija amaliza ndani. Kuseka kunatha. Ana ang'onoang'ono analira ndi mantha, ife okulirapo tinalira chifukwa tinkamudziwa munthuyo. Ine ndinalira mlongo wanga amene ankanditsatira kulikonse, ndipo chisoni chimenecho sichinali chamasewera.

Kulira kwa maliro sikubisika. Kumudzi anamva, ndipo amayi a m'mudzi anabwera akuthamanga, ena ufa uli m'manja, akufunsana kuti walumidwa ndi njoka ndi mwana wa yani. Amuna anaima patali m'mphepete mwa munda. Pakati pawo ndinaona abambo, chipewa chili m'manja. Patsogolo pa onse panali amayi aakulu. Anaona mtolo wa mapesi, anaona ife titatambasula miyendo, anaona mng'ono wawo akugubuduka m'fumbi misozi ili mbwee, ndipo nkhope yawo inachita mdima. Ine ndinadziwa kuti lero tafa ndi ife.

"Wamwalira ndani pano?" anafunsa.

Amayi anadzutsa mutu, mapesi ali m'tsitsi.

"Mwana wanga, akulu," anatero. "Wafa ndi ukalamba."

Amayi aakulu anayang'ananso mtolo uja. Lamulo linkaletsa kulira khanda, koma za nkhalamba silinanenepo kanthu, ndipo ndikhulupirira kuti ankalitembenuza m'mutu kufuna polowera. Ankathanso kungothyola tsatsa n'kutibalalitsa tonse, palibe akanawatsutsa. M'malo mwake anamanga nsalu yawo m'chiuno, nakhala pansi pakhomo pa kamsasako, natambasula miyendo. Paja maliro n'kulirana. Amayi ena aja anakhalanso pansi mmodzimmodzi, ndipo kulira kumene kunabuka pamenepo kunali kochuluka kuposa kumene mtolo umodzi wa mapesi ukanafuna. Nthawi imeneyo sindinamvetse kuti misozi yonseyo ikuchokera kuti.

Dzuwa litapendeka anyamata anakumba dzenje pakati pa mizere. Amayi anawauza kuti akumbe lakuya, la munthu wamkulu, ndipo amayi aakulu anamva koma sanatsutse. Pobwerera kumudzi amayi anandigwira dzanja, n'kundikalipira kuti tsitsi langa lafika poipa, mawa andimeta. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Mkulu wanga anatsalira m'mbuyo akutolera timiphika, ine n'kubwerera kukamuthandiza. Ndinapeza amayi aakulu ataima pafupi naye, akuyang'ana kuchulu. Mkulu wanga anali atagwada kale, akudikira chilango chake. Koma iwo anayankhula motsitsa, ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Iwe, pansi pajapo uli kudziwamo bwino, eti?"

"Pang'ono, amayi aakulu."

"Anga alimo awiri. Wamwamuna ndi wamkazi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Mawa ndibwera ndi mayina."