Kabuleta ya a Namakhwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, chaka chimene tinavota koyamba zipani zambiri. Ndinali nditaphunzira umakaniko ku Limbe, koma ndinkangolima chinangwa kwathu ku Chiringa. Anzawo, a Namakhwa, anali atabwerako ku Joni ndi galimoto yakale imene anaigula pa okushoni. Inali yaikulu kwa ine ndi zaka khumi.

A Namakhwa ankati pa okushonipo sanalire. Analira pa chipata cha Mwanza, pomwe msonkho ndi thiransipoti zinaposa mtengo wa galimotoyo. Komabe ankadziwa kuti alipo anthu okonda galimoto zotere, ndipo ankaisunga kuti idzalipirire mwana wawo wamkazi sukulu ya unamwino.

Ine ndinkapukuta mapulagi, kuchuna mapointi, kusintha oilo ndi kuiliza m'mawa uliwonse. Kabuleta yake inkavuta, inkataya petulo. Ndinaichotsa osawauza, n'kuikapo ina yatsopanoko imene ndinaipeza pa garaja ina pa Boma. Yakaleyo ndinampatsa munthu wosungunula zitsulo pamsika wa pa Bomapo. Injini inayamba kulira bwino, ndipo ndinkadziona katswiri.

Patapita miyezi, kunabwera wogula wochokera ku Blantyre. Anazungulira galimotoyo akusisita mipando, akumwetulira. Atatsegula boneti, kumwetulira kuja kunatha.

"Kabuleta yake yeniyeni ili kuti? Zoyenda ndili nazo kale, bambo. Ndimafuna iyi monga inabadwira."

A Namakhwa anandiyang'ana. Ndinaulula pomwepo.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma dzuwa lili paliwombo. Wosungunula uja anandilozera mulu wa mapoto atsopano. Ndinabwerera chimanjamanja. Wogulayo anadula mtengo pakati, ndipo a Namakhwa anavomera chifukwa sukulu inali itatsala pang'ono kutsegulidwa. Pokwaniritsa fizi anagulitsanso ng'ombe ziwiri.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa. Koma a Namakhwa anangoti, "Manja uli nawo abwino, mwanawe. Koma chinthu cha mwini, uzifunsa kaye."

Ntchito inathera pomwepo, poti galimoto inali itapita.

Lero ndili ndi garaja yangayanga. Chitsulo chilichonse chimene ndachotsa, kaya ndi bawuti yadzimbiri, ndimachiika m'thumba n'kumpatsa mwini galimoto m'manja. Ena amaseka, amati nditaye. Ndimawayankha kuti akataye okha.