Domasi Winayo

Ndikukumbukira chaka chimene mkulu wanga Yohane anamwalira ndi malungo. Ndinali mu Sitandade 6. Chipinda chake chitakhala chopanda munthu, bambo analowetsamo a Nkhoma, mphunzitsi wachinyamata wa sayansi yemwe ankasowa nyumba. Anali munthu waulemu, wonunkhira sopo nthawi zonse, koma amayi sankawakhulupirira. Ankati munthu amene amadya akuwerenga buku ali ndi zimene akubisa.

Loweruka lina masana ine ndi amayi tinkasenda chinangwa cha makaka pakhonde kwathu ku Domasi. Kamphepo kozizira kankatsika m'phiri la Malosa, manja athu ali mbuu. A Nkhoma anakhala nafe, ndipo ndinawafunsa kuti kumwamba kumathera pati.

Anandiuza kuti akatswiri ena amaganiza kuti kulibe malire. "Njere za bawo n'zowerengeka," anatero. "Mukamasewera osaleka, tsiku lina zidzagweranso m'maenje momwe zinagwera kale. Ndiye ngati kumwamba sikutha, kwinakwake kutali kuli Domasi wina, mtsinje womwewu, iwenso ukusenda chinangwa moipa chomwechi."

"Yohane alikonso?"

"Mwina kumeneko sanadwale n'komwe. Mwina pano ali kumunda."

Mpeni wa amayi unaima. A Nkhoma ankayesa akutitonthoza. Koma kwathu, wakufa amene ali kumunda ndi ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azilimira wina.

"Aphunzitsi, mundawo ndi wa ndani?" anafunsa amayi motsitsa mawu.

"Ayi mayi, amenewa ndi masamu chabe."

"Masamuwo ndi amene akuuzani kuti ali kumunda? Bwanji sananene kuti ali kusukulu?"

Kuyambira tsikulo amayi anawapatulira mbale yawoyawo. Amalume anabwera kuchokera kumudzi, n'kusuzumira pansi pa bedi aphunzitsi ali kuntchito. Anapezamo nsapato ndi nyuzipepala zakale, ndipo anati kusapezeka kwa kanthuko ndiye umboni wakuti munthuyo ndi wochenjera. Mkulu wa mpingo anabweranso kudzapemphera. A Nkhoma anayesa kumufotokozera za nyenyezi, iye akugwedeza mutu, maso ali pa thumba la jekete lawo.

Bambo anawaikira kumbuyo kwa kanthawi, kenako anatopa. Mwezi utatha, a Nkhoma analongedza. Ndinawaperekeza ku Songani, nditasenza katoni ya mabuku. Tikudikira minibasi ndinawafunsa ngati zija zinali zoona.

"Sindikudziwa," anatero. "Palibe amene anakaonako. Ngakhale atakhalako, si Yohane wanu."

Mawu amenewo amayi sanawamve, ndipo nditakawauza anati ndi mmene amayankhulira munthu wogwidwa.

Masiku ano mwana wanga wamkazi amandionetsa nkhani yomweyi pafoni, ndi zithunzi zokongola, ndipo palibe amene amasamutsidwa nayo m'nyumba. Ine ndimaikayikirabe. Sindiona chifukwa chimene kukula kwa malo kungakakamizire chinthu kuchitika kawiri, ndipo amene amanena zimenezi amasankha mtunda woti palibe angakawatsutse. Ndimamusiya afotokoze, koma ndinamuletsa kuzinena pamaso pa munthu woferedwa. Amayi anamwalira atakalamba, ali mayi wamvano wokhulupirika. Mpaka miyendo itawakana, tikamadutsa munda wachilendo momwe muli aganyu, ankachepetsa liwiro n'kuwayang'ana nkhope mmodzimmodzi.