Hutala ya Malemu

Bambo okonza njinga zamoto oyandikana nafe sathamangira kugulitsa batire latsopano. Amati, "Batire silitha lokha, pali chimene chikulidya," ndipo amatsata waya uliwonse ndi zala mpaka atachipeza.

Mayi wina wamasiye atadandaula kuti batire la njinga ya malemu amuna awo likungotha, bambowa anayeza mawaya onse, osapeza vuto. Kenako mayiwo anaulula mwamanyazi kuti injini sadziwa kuiliza, koma madzulo aliwonse amailiza hutala, monga ankachitira malemuwo akafika pakhomo.

Bambowa anapukuta manja pang'onopang'ono. "Musasiye, mayi. Ndizibwera Loweruka kudzayendetsa njingayi kuti batire lizitchajika."

Mpaka lero amabwera, kuiyendetsa, n'kuibweza pakhonde. Koma hutalayo saikhudza.