Bondo la Ketrina

Aliyense amene amapemphera nafe ku Govan akudziwa kuti Ketrina Chikaonda ali ndi mawondo aulemu. Anakulira ku Ntcheu, m'manja mwa azakhali ake amene ankati mwana wamkazi wopereka madzi ali chiimire ndi chitsa, osati munthu. Mpaka lero akamalandira kanthu m'sitolo ya Amwenye ku Pollokshields, mawondo amapinda okha, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Azungu amayesa waterereka. Ine Sylvia ndinkagona naye chipinda chimodzi ku sekondale, ndipo tsopano tikukalambira limodzi mumzinda wamvula uno wa Glasgow. Ndinamuseka za mawondowo kwa zaka zambiri, mpaka tsiku limene anamuika m'mavuto.

Ketrina amajambula mafupa a anthu othyoka pachipatala chachikulu cha ku Govan. Mwamuna wake Isaiah atamwalira mwadzidzidzi, amene anathamanga uku ndi uku mpaka mtembo unakwera ndege kupita kumudzi anali bambo Norman, mkulu wa mpingo wathu. Anagona pampando masiku angapo m'nyumba ya maliro, akulandira anthu ndi kuyankha mafoni a abale. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti a Norman si munthu woipa. Vuto lawo ndi lakuti chibadwire palibe anawauzapo kuti akhale chete.

Maliro atatha, Ketrina anadzitsekera m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Amene anamutulutsa anali mnzake wakuntchito, mayi wochokera ku Ireland, yemwe anamukokera kukaonera mpira wakwawo umene amati wa Chigeliki. Ndi mpira wachilendo kwa ife. Amaugwira ndi manja, amaumenya ndi chibakera, amauponda ndi phazi. Ukadutsa pamwamba pa golo ndi pointi imodzi, ukalowa mu ukonde ndi zitatu. Wosewera saloledwa kungoukumbatira n'kumathamanga nawo. Akayenda nawo pang'ono ayenera kuudunda pansi kapena kuugunditsa kuphazi. Salipidwa aliyense. Ndi anamwino, aphunzitsi ndi ana asukulu zaukachenjede amene amagubudukira m'matope Loweruka chifukwa chongoukonda.

Ku sekondale Ketrina ndiye ankatiyimbira netibo, ndipo tinkadana naye chifukwa sankadziwa mnzake. Ataona kuti magulu a azimayi akusowa oyimbira, anapita kukaphunzira malamulo, ndipo anapatsidwa wezulo. Ndinaona munthu akubwerera kumoyo. Nkhope inayamba kuwala, ndipo anasiya kuvala zakuda ndi kuyankhula za kumanda. Wezulo ija kwa iye si choseweretsa ayi.

Tsono mwana wa a Norman, Angelina, nayenso amasewera mpirawu, ndipo ndi katswiri. Bambo ake anadzipatsa okha ntchito yonyamula madzi a timu, kuti aziima m'mbali mwa bwalo n'kumalamula. Masewero omaliza a chaka, olimbirana chikho, anagwera Ketrina. Ine ndinalipo, nditadzikulunga bulangete. Nthawi ili pafupi kutha, Angelina anakumbatira mpira nathamanga nawo mtunda woti ngakhale ine wosadziwa malamulo ndinaona kuti wawonjeza. Ketrina anaimba wezulo, koma mtsikanayo anali ataponya kale mwendo, mpira uli mu ukonde.

"Iwe Ketrina!" Anali a Norman, akulowa m'bwalo botolo lili m'manja. "Wapenga? Maso ako ali kuti? Unaleredwa ndi ndani iwe? Lero ndi ine ukundichita zimenezi, ine?"

Anakuwa m'Chichewa, choncho pabwalo lonse amene tinamva tinali anthu anayi okha. Ndinaona ndi maso angawa mawondo a Ketrina akupinda pakati pa bwalo, manja akukumana pachifuwa.

"Pepani, bambo," anatero.

Kenaka analoza kugolo kuti akweze mbendera yobiriwira, kutanthauza kuti chigoli chavomerezedwa. Timu ya Angelina inatenga chikho. Atsikana a timu inayo, amene anavutika chaka chonse, anangokhala pansi m'matope. Kaputeni wawo anabwera misozi ili chuchuchu, nafunsa Ketrina m'Chingerezi kuti munthu uja wamuuza chiyani. Ketrina anangotembenuka, natuluka m'bwalo. Ine ndinapsa mtima mpaka ndinalephera kuyendetsa galimoto bwino pobwerera.

Akuluakulu a mpirawu anaitana Ketrina. Amene amayang'anira oyimbira ndi nkhalamba yachizungu yowonda, yosavula chipewa chaubweya ngakhale m'nyumba. Inamufunsa kuti amasulire mawu a bambo uja, iye anakana. Sakanatha kuvula mkulu wa mpingo pamaso pa anthu akunja. Nkhalambayo inati woyimbira amene amasintha chigamulo chifukwa wina wakuwa ndi woopsa kuposa wosadziwa malamulo. Inamupatsa mwayi umodzi wokha. Masewero akamadzayambanso mu Malichi adzathamange mayeso a oyimbira, akadzakhoza adzayimbe mpira umodzi iyo ikuonerera. Akadzalephera chimodzi mwa ziwirizi, wezulo adzabweze.

Ndinauza Ketrina kuti vuto ndi mawondo, apite kuchipatala kwawoko akawaike pulasitala. Sanaseke.

"Sylvia, si mawondo okha," anatero. "Nthawi imene ija ndinali kutali ndi mpira, mpweya utandithera. A Norman atakuwa ndinakayikira maso anga omwe. Ndikanakhala pafupi sindikanakayika. Chaka chikubwerachi pomwe pali mpira ine ndidzakhala pomwepo."

Mayi wazaka zoyandikira makumi asanu anagula nsapato zothamangira mu Novembala, mwezi umene anthu anzeru ku Glasgow amagula masokosi aubweya. Kuno nthawi yozizira dzuwa limalowa ana asanafike kunyumba kuchokera kusukulu. Iye akaweruka kuchipatala ankatsikira ku paki ya Bellahouston, n'kumakwera phiri la pakati pake chothamanga, kutsika choyenda, kukweranso. Sabata yoyamba anasanza kuseri kwa mtengo. Ine ndinkamudikira m'galimoto hita ili yoyatsa, chifukwa ubwenzi uli ndi malire ake. Mvula ya kuno siigwa kuchokera kumwamba ngati yakwathu, imabwera cham'mbali ngati yatumidwa. Ndikamuuza kuti lero tisiye, ankandiyankha kuti walira mvula walira matope, natsika.

Mu Januwale anaterereka pa madzi oundana, nachubuka m'chiuno ndi pachigongono. Anzake a kuntchito anamujambula, napeza kuti fupa lili bwino. Anapuma masiku ochepa, kenaka anayamba kukwera masitepe a m'nyumba yake ya nsanjika, kuchoka pansi mpaka pamwamba, anansi akusuzumira pazitseko.

Ku mpingo nkhani inali itafika kale. Ena ankati mayi wamasiye kuthamanga m'paki ndi thalauzi lothina n'kunyozetsa malemu. Ena ankati akufuna mzungu. Amene ankanena kwambiri ndi omwe aja amalephera kukwera basi popanda kupuma kawiri. A Norman okha sankanena kanthu. Ankamupatsa moni pakhomo la tchalitchi ngati palibe chinachitika, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mutu mwawo palibedi chinachitika. Mkulu anadzudzula mwana, mwana anamva, basi.

Loweruka lina masana akazi awo a Norman anabwera kunyumba kwa Ketrina, ine ndilipo. Ketrina anawagwadira powapatsa tiyi monga mwa nthawi zonse.

"Mwana wanga," anatero mayiwo, "bambo ako aja ukuwadziwa mtima wawo. Akaona Angelina m'bwalo sadziletsa. Kuti pasakhale kukangana pakati pa ife tokhatokha kuno kuchilendo, bwanji ungoisiya wezuloyo? Azungu ali nawo anthu awo."

"Ndamva, mayi," anatero Ketrina.

"Ndiye usiya?"

"Ayi, mayi. Ndangoti ndamva. Atsikana aja ndinawabera chikho chifukwa cha ulemu. Ulemu wotero ndi umbava. Imwani tiyi, angazizire."

Mlendo asanamalize kapu, mwini nyumba anali atakhala pakhomo akumanga zingwe za nsapato. Ine ndinayang'ana kudenga kuti ndisaseke.

Mayeso anachitikira m'holo ya sukulu ina ku Easterhouse. Amaika mizere iwiri, oyimbira n'kumathamanga uku ndi uku motsatira kabelu kamene kamalira mofulumirafulumira mpaka munthu atagonja. Ambiri anali anyamata oti Ketrina akanatha kuwabereka. Anathamanga pakamwa pali yasa, nkhope ili gwaa, maso ali pamzere. Nkhalamba ya chipewa itakweza dzanja kuti wafika pofunika, iye sanaime. Anawonjeza maulendo ena mwadala, kenaka anagona chagada pansi n'kumapuma ngati mvukuto. Chimodzi chinatha, chinatsala chovutacho.

Nkhalamba ija si yopusa. Mpira umene inamusankhira unali wa timu ya Angelina. Tsikulo kunagwa mvula kuyambira m'mawa, bwalo lili phala lokhalokha. A Norman analipo ndi mabotolo awo, atavala chovala chowala cha othandiza timu. Ndinkadziwa kuti akapindanso mawondo aja wezulo yapita, ndipo ndinkaopa kuti Ketrina wodzitsekera m'nyumba uja abwereranso.

Chigawo choyamba anathamanga ngati wabwereka miyendo. Kumene kwapita mpira, iye ali pambali pake. Chigawo chachiwiri Angelina analumphira mpira limodzi ndi mtsikana wina, namukankha kumsana ndi manja awiri. Ketrina anali pafupi moti matope awo anamuthovukira kumaso. Wezulo inalira.

"Iwe Ketrina! Wayambanso?" A Norman anali atadutsa kale mzere. "Mkazi wopanda mwambo iwe! Waiwala amene anakuimira uli wekha? Bweza zimenezo msanga!"

Onse anatembenuka. Azungu sanamve mawu, koma anamva ukali. Ketrina anaimitsa masewero, nayenda kupita kwa a Norman, osathamanga. Atafika pamaso pawo ndinaona mawondo akupinda, ndipo ndinatseka maso ndi manja n'kunena ndekha kuti Ambuye, kwatha. Nditasuzumira pakati pa zala, ndinaona kuti ulendo uno sanangopinda. Anagwada ndithu, bondo mpaka m'matope, monga anamuphunzitsira azakhali ake. Anapisa m'thumba, natulutsa khadi lofiira, nalikweza ndi manja awiri ngati akupereka mbale kwa apongozi.

"Bambo," anatero ndi mawu oti tonse tinamva, "sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala mpaka kufa. Mawa kutchalitchi mudzandiuza pokhala, ndidzakhala. Koma muno mkulu ndi wezuloyi. Chonde tulukani, mukaime kunja kwa mpanda."

"Ukundithamangitsa ine?"

"Eya, bambo. Mpira suyamba muli muno, ndipo ine sindidzuka pano mpaka mutatuluka."

A Norman anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza. Osewera onse anali chiimire pamvula akuwayang'ana, ndipo Angelina anali ataweramitsa mutu. Akanakhala kuti Ketrina wawakalipira, akanamubwezera mpaka madzulo, pakuti kukalipa ndi munda wawo. Koma munthu wokugwadira m'matope umamuyankha chiyani? Anaika mabotolo pansi, navula chovala chowala chija, nayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa mpanda. Ndinawamvera chisoni, sindinama, koma chimwemwe chinaposa.

Ketrina anadzuka, bondo lili bii ndi matope, naimba wezulo. Mpira unapitirira mpaka kutha popanda wina wotsegula pakamwa, ndipo timu ya Angelina inagonja mwachilungamo.

Pamapeto nkhalamba ya chipewa inabwera, manja ali m'thumba. Inati wezulo asunge, ndipo Loweruka lotsatira ali ndi mpira wina. Kenaka inakanda pansi pa chipewa n'kunena kuti yakhala m'mabwalo moyo wake wonse, yaona oyimbira akutukwanidwa, akukankhidwa, ena akuthawira m'galimoto, koma sinaonepo woyimbira akugwadira munthu amene akumutulutsa. Inafunsa ngati bondo likumupweteka.

Ketrina anapukuta wezulo pamalaya, naiika m'khosi.

"Bondo lili bwino," anaiyankha. "Kwathu munthu wamkulu sitimuthamangitsa tili chiimire."