Loweruka la Kulishafula

Amuna anga anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Pobwerera kwawo ku Ntengo-Wambalame anabwera ndi wailesi komanso timawu ta Chingerezi, timene ankatithira m'nkhani ngati mchere. Ine wa ku Chidzolomondo ndinangolawa Chipwitikizi kusukulu, choncho ndinkangogwedeza mutu.

Ananditenga chitengwa, ndipo zaka zinkapita ndili wopanda mwana kumsana. Maso a apongozi ankayankhula. Ndiye m'mawa wina amuna anga anaima pabwalo, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Loweruka ndilishafula pakhomo pano."

Ndinachita manyazi kuwafunsa. Ndinakafunsa mlamu wanga, mchemwali wawo, tikukumba mbatatesi.

"Alamu, kulishafula n'chiyani?"

"Timamva pa wailesi," anatero. "Presidente akatopa ndi ma ministro ake amawalishafula. Wina amusuntha, wina amuchotseratu n'kuikapo watsopano."

Khasu linandilemera. Mkazi watsopanoyo ndinamuoneratu m'maganizo, wonenepa, mwana ali kumsana. Ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima. Sabata yonseyo ndiwo ndinkaziwawitsa mchere dala, koma iwo ankangodya n'kuthokoza, zimene zinkandikwiyitsa kwambiri. Lachisanu ndinamanga zovala zanga m'chitenje kuti pondithamangitsa asandione ndikutolatola.

Loweruka kunabwera azibambo a kutchalitchi ndi zikwanje. Ndinati eya, mboni zafika. Koma iwo anazula khola la nkhumba limene linali kuseri kwa khitchini n'kukalimanga kumunsi. Nkhokwe anaisendeza kufupi ndi khomo, thandala la mbale analitembenuzira kudzuwa. Ine ndinangokhala pakhonde, mtolo wanga pambali, kudikira nthawi yanga.

Anthu atapita, amuna anga anabwera ali matope okhaokha.

"Mwaona? Kulishafula n'kumeneku. Zinthu n'zomwezo, malo okha ndi amene asintha. Nanga mtolowu ukupita kuti?"

Ndinawauza zonse, za ma ministro ndi za watsopano uja. Anaseka mpaka anakhala pansi, ine misozi ili chuchuchu koma ndikusekanso. Mtima wanga unapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

"Akazi anga, si inu munati fungo la nkhumba likukulowerani m'miphika? Pakhomo pano presidente ndinu. Ine ndi ministro chabe, ndimagwira ntchito kuopa kuchotsedwa."