Tsiku Limene a Muhiwa Anamanga Mapazi ku Njinga

A Mackson Muhiwa anabadwira m'komboni ya pa esiteti ina ya tiyi, kufupi ndi Limbuli. Makolo awo anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, atasenza mphasa ndi khasu basi, ndipo onse awiri anakalambira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Koma a Mackson dengu silinawayanje. Anathyolako tiyi nyengo imodzi, kapitawo n'kuona kuti munthuyu manja ndi ozizira, miyendo yokha ndiyo siikhazikika. Tsiku lina mesenjala wakale atadwala, anawapatsa njinga ya kampani kuti akatenge mankhwala kuchipatala cha ku Boma. Anabwerako msanga moti anthu anayamba atsegula bokosi kuti aone ngati anakafikadi. Kuyambira pamenepo ntchitoyo inakhala yawo.

Njinga ya kampaniyo inali yakuda, yolemera ngati chitseko cha fakitale, ndi bokosi lathabwa pakaliyala. Anthu ena akanaidandaula. Iwo anaisandutsa mphunzitsi. Popita ku Boma bokosi limakhala lopanda kanthu, ndiye ankaima pamtsinje n'kulidzaza miyala, kuti miyendo izolowere katundu. Akafika ankakhuthula miyalayo kuseri kwa chipatala, mpaka panakula kamulu, alonda n'kumafunsana kuti miyala yosalala ya m'madzi ikukwera bwanji mtunda yokha. Pobwerera ankadikira lole yonyamula masamba a tiyi kuti iwapitirire, kenaka n'kuithamangitsa, fumbi ndi utsi zili kumaso, mpaka pachitunda pamene loleyo inkayamba kulira. Akaipitirira sankayang'ana dalaivala. Ankangoweramitsa mutu ngati achita zamwano.

Analinso ndi njinga yawoyawo, yolumikiza zitsulo za apa ndi apo. Anaichotsa kaliyala, madigadi ndi belu, chiwongolero n'kuchitembenuza kuti nyanga ziyang'ane pansi. Inkagona m'nyumba, pafupi ndi mphasa. Akazi awo, a Sabina, ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo posesa ankaiuza kuti, “Tasunthani mayi, inu simugwira tsache.”

Chaka chilichonse pa chikondwerero cha ufulu, mu Julaye, kunkakhala mpikisano wa njinga wochokera pa Limbuli kukathera pabwalo la ku Boma. A Muhiwa ankalowa nawo osaphonya. Ankatsogola ulendo wonse, koma pachitunda chomaliza pankapezeka mnyamata wina wamagazi atsopano n'kuwadutsa. Dzina lawo linali lodziwika, koma linali dzina la munthu wofika pambuyo pa wopambana. Sankadandaula pagulu. Ankagwira chanza wopambanayo ndi manja awiri, n'kubwerera kwawo panjinga yomweyo.

Chaka cha 1975 kunamveka kuti amene apambane adzapita ku Blantyre kukaimira Mulanje yense, ndipo kumeneko adzamubwereka njinga yeniyeni yampikisano, ija ya matayala owonda ngati chala. A Muhiwa anali atayamba imvi cha m'makutumu. M'mawa kukazizira mawondo ankayamba alira asanavomere kupinda. Anadziwa okha, popanda wowauza, kuti chaka chimenecho chikawadutsa ndiye basi, Blantyre adzangomumvera kwa anzawo.

Njinga zoterozo anali ataziona kamodzi. Pa tchuthi china anapalasa mpaka ku Limbe kukaona mlongo wawo, poti basi iwo ankati imafooketsa miyendo. Kumeneko anapeza anyamata ovala makabudula othina ataimika njinga zawo pakhonde la sitolo. Anakhala chonjuta pafupi n'kumaziyang'ana, manja atawabisa m'khwapa kuti angakhudze. Chimene chinawagwira mtima sichinali matayala ayi, koma timalamba tachikopa tapamapedulo. Anafunsa mlonda wa pasitolopo, iye n'kuwauza kuti phazi likamangidwa, mwendo umagwira ntchito kawiri, kuponda potsika ndi kukoka pokwera.

Nkhani imeneyi anaisunga mumtima mpaka chaka cha ku Blantyre chija. Timalamba totero ku Mulanje kunalibe, ndiye anatenga chubu chakutha n'kuchidula malegeni, omwe aja timamangira nkhuni pakaliyala. Lamulungu lina atachoka kutchalitchi anakwera njinga atatsamira khoma, n'kuitana akazi awo.

“Make Janeti, tabwerani mundimange.”

A Sabina anatuluka akupukuta manja pachitenje, n'kuima kuyang'ana.

“Ndikumangeni? Mwalakwa chiyani?”

“Mapaziwa. Muzunguze pamwamba, mudutsitse pansi pa pedulo, mfundo ikhale kunsi.”

Anagwada, n'kumanga. Ali chogwada choncho anafunsa osadzutsa mutu, “Nanga galu akakudutsani kutsogolo?”

“Galu amaopa njinga.”

“Mbuzi siiopa kanthu.”

“Mbuzi ndiilambalala.”

“Nanga potsika?”

“Potsika pakhala munthu wondigwira. Kokani ndithu, musandimvere chisoni.”

Anayesa m'misewu ya pakati pa tiyi, ndipo zinathekadi. Chitunda chimene chinkawatha mpweya anachikwera ngati wina akuwakankha kumbuyo. Pobwera anadzaima pogwira mtengo wa papaya wa pakhomo, akuseka ngati mwana, a Sabina n'kumasula mfundo zija ndi mano chifukwa zala zinakanika.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, ndipo kamvula kosalekeza kaja kanali katanyowetsa msewu. Pa Limbuli panadzaza anthu, amayi atavala nsalu zachipani, ana asukulu atanyamula timbendera tonyowa. Opalasa anaonetsa makadi awo achipani n'kundanda pamzere. Pambali pa a Muhiwa panaima Winston, mnyamata wa ku Chonde wogulitsa nsomba zouma panjinga, yemwe anapambana chaka chapitacho. Ataona a Sabina akugwada m'matope ndi malegeni, anaseka.

“Madala, lero ndiye mwamangidwa ngati mbuzi yopita kumsika. Alamu, mukuopa kuti athawira kwa wina?”

“Athawire kuti, atatha kale mano,” anayankha a Sabina chapansipansi, maso ali pamfundo.

“Iwe seka pano pomwe,” anatero a Muhiwa, “kutsogoloku mpweya uufuna.”

A Sabina anakoka kolimba kuposa masiku onse, poopa kuti mphira yonyowa ingaterere. Atatha anagwirizira chishalo kuti amuna awo asagwe, mpaka wenzulo inalira. A Sabinawo anali oti atsatira pambuyo, atakwera lole ya amayi ovina.

Kuyambira pa Limbuli a Muhiwa sanaone msana wa munthu. Madzi ochokera kutayala ankawamenya kumaso ndi kumsana poti madigadi panalibe, koma miyendo inkazungulira yokha, kuponda ndi kukoka. Atawoloka mlatho wa Lichenya anacheuka. Winston anali kadontho kumbuyo, enawo osaoneka n'komwe. Mawondo anali chete. Kwa nthawi yoyamba anadzilola kuganiza za Blantyre, za m'mene adzagwirire chiwongolero chopindika chija ndi manja awo.

Atatsetsereka pang'ono, pamene msewu umadutsa pakati pa nyumba za mudzi wina, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa msewu. Kutsogolo patali ndithu kunali mzere wina wa nthambi. Pakati pa mizere iwiriyo, abambo anali atakhala m'mbali mwa msewu pansi pa mitengo ya mango, amayi atadzaza pabwalo la kanyumba kaudzu, mitu itafundidwa. Nyimbo inkamveka yapansipansi. Anali maliro.

Kuno kwathu palibe amene amaphunzitsidwa za nthambi zimenezi ndi mawu. Galimoto imachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wapanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa mzere wachiwiri. A Muhiwa anali atatsikapo pa nthambi zotere kosawerengeka, ngakhale atanyamula mankhwala ofulumira. Thupi linayamba lokha, zala kugwira mabuleki, mwendo wamanja kufuna kudzuka kuti udumphe chishalo. Phazi linakana.

Anawerama, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo kufufuza mfundo kunsi kwa pedulo. Inali yonyowa, yolimba ngati mwala. Anayesa kusolola phazi m'nsapato, koma legeni linali litadutsa pamwamba penipeni. Nthambi zinkayandikira. Abambo ena anali atayamba kale kutembenuka kuyang'ana.

Kudutsa kunali kotheka. Akanaweramitsa mutu, anthu akanati ndi za boma, ndi za mpikisano, ndipo mawa akanabwera kudzapepesa. Akuganiza choncho anaona pakhonde la kanyumbako kabokosi kakang'ono, koti munthu mmodzi n'kunyamula m'manja, katakutidwa ndi nsalu yoyera. Iwo ndi a Sabina anaikapo maliro a mwana wawo woyamba, Janeti asanabadwe. Za tsiku limenelo anaiwala zambiri, amene analalikira ndi amene anakumba manda, koma ankakumbukira kulira kwa njinga zokankhidwa, tche tche tche, anthu osawadziwa akudutsa wapansi pamsewu, zipewa zili m'manja.

Anafinya mabuleki onse awiri. Njinga inaima tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza masamba. Inaima chilili kanthawi, ngati ikuganiza, kenaka inapendekera kumanzere n'kugwa nawo. Phewa linafikira pamphepete pa phula. Anamva kuthyoka m'kati, ngati kakhuni kouma.

Nyimbo inadukiza. Palibe anaseka, ngakhale kuti kagwedwe kake kanali koseketsa, munthu wamkulu ali gone chammbali, njinga ili pakati pa miyendo, mapazi akadali pamapedulo. Bambo wina wachikulire, amene anzake ankamutchula kuti a Alufeyo, anadzuka n'kubwera. Anayang'ana mapaziwo, n'kuyang'ana nkhope.

“Anakumangani ndani, bambo?”

“Ndinadzimangitsa ndekha. Pepani, ndakusokonezani pa chisoni chanu.”

A Alufeyo anatulutsa kampeni m'thumba la jekete, n'kudula malegeni aja limodzi limodzi, mosamala kuti asacheke nsapato. Anawadzutsa powagwira m'chiuno. Dzanja lamanzere linali lende, losamva kulamulidwa. A Muhiwa anavula kachipewa kawo ndi dzanja lamanja, n'kukalowetsa m'malaya.

“Ndi mwana wa ndani?”

“Mdzukulu wanga. Chikuku.”

“Pepani kwambiri.”

“Zikomo. Mwatilemekeza.”

Nthawi yomweyo Winston anafika. Anatsika njinga isanaime n'komwe, mopepuka, monga amachitira munthu wa mapazi omasuka, n'kuvula chipewa. Ataona phewa lija ndi malegeni ali pansi, nthabwala zonse zinamuthera.

“Madala, ndikudikireni?” ananong'ona.

“Undidikire kuti utani? Pita. Koma uyende, usathamange pano.”

Anayenda limodzi pakati pa nthambizo, wina ndi manja awiri, wina ndi dzanja limodzi, amayi atayambiranso nyimbo. Atadutsa mzere wachiwiri Winston anacheuka kamodzi, n'kukwera, n'kupita. Ena aja anafikanso, kutsika, kukankha, kukwera, mmodzi ndi mmodzi kumawadutsa a Muhiwa, amene anali atapana tayala ndi mawondo kuti awongole chiwongolero.

Anakwerabe. Anapalasa ndi dzanja limodzi, linalo atalilowetsa m'malaya, bampu iliyonse ikuwalasa mpaka m'mano. Chitunda chomaliza anachikwera pang'onopang'ono, osatsika. Pofika ku Boma anapeza chingwe cha pomaliza atachichotsa kale, ng'oma zikulira, Winston atanyamulidwa m'mwamba. Mnzawo amene anapangana naye kuti adzawagwire pofika anali akadaimabe pambali pa msewu, akuyang'ana njira. A Muhiwa anamugwedezera mutu n'kupitirira mpaka kuchipatala, n'kukakhala pabenchi la odwala, pamalo pamene zaka zonsezo ankangodutsa ndi bokosi.

A Sabina anawapeza madzulo anamwino atawamanga kale nsalu yokoleka dzanja m'khosi. Fupa la pakati pa khosi ndi phewa linali litathyoka. A Sabina anakhala pansi pafupi ndi bedi.

“Lole yathu inaima pamaliro paja,” anatero kenaka. “Ndinaona malegeni pamsewu, ndinawadziwa mfundo zake. Ndinakoka kwambiri ine.”

“Ndinakuuzani ndine kuti mukoke.”

“Mukanadutsa, anthu akanamvetsa.”

“Akanamvetsa, inde.”

“Nanga bwanji?”

“Kanali kabokosi kakang'ono, make Janeti.”

A Sabina anatenga nsonga ya chitenje n'kuyamba kuwapukuta matope amene anaumira kuseri kwa khutu.

Fupalo linalumikizana mokhota, moti phewa lamanzere linakhala lotsika mpaka ukalamba wawo, ndipo malaya ankawapendekera mbali imodzi. Ntchito ya umesenjala anaipitiriza zaka zambiri, koma kukoka chiwongolero pachitunda monga kale kunali kosatheka, ndipo pa mzere wa pa Limbuli sanaimeponso. Winston anapita ku Blantyre, sanapambane, koma atabwerako anapalasa kuchokera ku Chonde kudzawaona, atanyamula kamulu ka usipa. Anakhala pakhonde awiriwo, a Muhiwa n'kumafunsa za njinga ija, kulemera kwake, kulira kwa tcheni chake, m'mene imakhotera. Winston anafotokoza zonse, ndipo pamene anafika pa timalamba tachikopa anati tili ndi kachitsulo koti ukangokankha ndi chala, phazi limatuluka lokha.

A Muhiwa anayang'ana mapazi awo.

“Kachitsulo,” anatero. “Kamene kaja sindinakaone. Ndinaopa kukhudza.”